Kukaona akatumbu ku Blakeney Point: zolemba za masiku asanu

Lolemba

Tafika ku Blakeney, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja ku England, wotchi ikuti 7 koloko madzulo, dzuwa likadali m'mwamba. Kumapeto kwa Julayi kuno mdima umayamba kugwa cha m'ma 9 koloko. Tili atatu: ine, mwana wanga wamkazi wa zaka 9, ndi achemwali anga amene anabwera kudzatichezera kuchokera ku Salima ndipo atsala ndi masabata awiri kuti abwerere. Ulendowu ndinaukonzera iwowo. Chibwerereni akhala akungoona nyumba za njerwa za ku Peterborough, mashopu ndi mabasi. Tsiku lina ndikuweruka ku ntchito ndinawapeza ali pawindo, dzanja lili patsaya, nkundifunsa kuti, "Iwe, kodi dziko lino lilibe madzi?" Tonse ndife ana a msodzi, tinakula tikutsuka mbale m'nyanja. Funsolo linandilasa mtima.

Tinakwera sitima kupita ku Norwich, nkusintha kukwera ina yaing'ono yopita ku Sheringham, kenaka basi yotchedwa Coasthopper imene imayenda m'mbali mwa gombe la kumpoto kwa Norfolk, kuima mudzi ndi mudzi. Nyumba za kuno anamangira nsangalabwi, zobulungira ngati mazira a tsekwe, zosanjidwa bwinobwino m'makoma. Achemwali anaima nkusisita khoma limodzi ndi chikhatho, akuti kwathu miyala ngati imeneyi timangoperera mapazi.

Titasiya zikwama tinatsikira ku doko. Madzi anali akudzaza mu mfuleni, ana ambiri atakhala m'mphepete miyendo ili lende, aliyense ndi chingwe ndi kandowa. Akuwedza nkhanu. Amamangirira kanyama ku chingwe, nkhanu ikagwira amaikoka pang'onopang'ono, kuiika m'ndowa ya madzi, ndipo pochoka amazibwezera zonse. Mwana wanga anapatsidwa chingwe ndi mnzake amene anangodziwana naye pomwepo, nkukola ziwiri. Pakhoma lina pafupi ndi dokolo pali zizindikiro zosonyeza pamene madzi osefukira anafika. Cha mu 1953 ndi cha mu Disembala 2013 zili pamwamba moti munthu umachita kukweza maso. Ndikamayang'ana kamfuleni kofatsa kameneka sindikumvetsa kuti madzi ake angakwere mpaka pamenepo.

Lachiwiri

Lero sitinakwere boti. Tinadya mwachifatse, nkuyamba ulendo wapansi wopita ku Morston, mudzi woyandikana nawo kumene maboti okaona nyama za m'nyanja zotchedwa seal amanyamukira. Njira yake imadutsa pamwamba pa mtumbira wautali wotchinga madzi, mtunda wa makilomita awiri ndi kanthu. Kumanja kuli dambo lalikulu la madzi a mchere, ndipo nyengo ino lachita pepo ndi timaluwa tating'onoting'ono. Tinafika pa doko la Morston cha m'ma 2 koloko masana, nkupeza madzi mulibe. Maboti onse ali khale pamatope, ena atapendekeka, zingwe zawo zili gone. Pakati pa mfuleni pankangoyenda kamadzi koti nkhuku ikhoza kuwoloka.

Achemwali anagwira pakamwa. "Nyanja yapita kuti?"

Kwathu nyanja imakwera ndi mvula nkumatsika pang'onopang'ono chaka chikamatha. Ukasiya bwato pagombe madzulo, m'mawa ukalipeza madzi ali pomwepo, pokhapokha mwera utavuta usiku. Kuno madzi amadzaza nkuphwa kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu ya mwezi imene imakoka nyanja zikuluzikulu. Kuchokera pamene adzaza kufika pamene adzazanso pamadutsa maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25, choncho tsiku lililonse nthawi yake imasuntha ndi mphindi ngati 50. Maboti amatuluka pokhapokha madzi akadzaza. Ndiye palibe zoti boti limanyamuka 10 koloko tsiku ndi tsiku ayi: lero m'mawa, sabata yamawa madzulo. Zimenezi ndinaziwerengapo kusukulu, koma kuziona ndi maso, boti lalikulu lili pamatope ngati mvuu yogona, ndi nkhani ina.

Tinalembetsa mayina kuti tikwere la mawa m'mawa. Mayi amene amalemba anatiuza kuti tifike mphindi 30 nthawi isanakwane komanso tivale zofunda, ngakhale kumtunda kutatentha bwanji.

Pobwerera tinagula ndiwo ina imene imamera m'matope a mcherewa, dzina lake samphire. Ilibe masamba, yangokhala timfundo tobiriwira tonga zala za mwana wakhanda. Anthu amaika m'timatumba pakhomo pawo, pambali kabokosi koponyamo ndalama, wogulitsa osaoneka. Tinaiwiritsa mphindi zochepa popanda kuthira mchere, chifukwa mchere uli kale m'kati mwake. Eni dziko amadyera batala. Achemwali analawa nkunena kuti ikanakoma kwambiri yotendera, pambali pali nsima. Ndikugwirizana nawo.

Lachitatu

Tsiku lake linali lero. Tinafika pa Morston 9 koloko itangodutsa, ndipo malo aja tinawaona dzulo ali matope okhaokha anali atasanduka mtsinje. Maboti onse ayandama, akugundana mbali. Lathu linali lopanda denga, mabenchi kuzungulira, anthu okwana ngati basi yaing'ono. Woyendetsa anali bambo wachikulire wa nkhope yopsa ndi mphepo, amene analankhula pang'ono poyamba, maso ali pa timitengo tozikidwa m'madzi tosonyeza njira. Mfuleniwo ndi wokhotakhota, ndipo m'mbali mwake ndinaona kakowa woyera ataima ndi mwendo umodzi, wofanana ndendende ndi amene timawaona ku Senga Bay. Achemwali anamulonjera ngati m'bale.

Titatuluka mu mfuleni tinalowa m'madzi otambalala, ndipo kutsogolo kunaoneka Blakeney Point. Si chilumba ayi. Ndi ndomo yaitali, yopyapyala, ya nsangalabwi ndi mchenga, yotalika makilomita oposa 6, imene imayambira ku gombe la Cley nkumaloza kumadzulo. Mafunde ndi amene anaiumba pokankha miyala chaka ndi chaka, ndipo mpaka pano ikusinthabe maonekedwe. Ndomo yomweyi, pamodzi ndi matope amene anadzaza kuseri kwake, ndi imene inapha doko la Blakeney, limene kalekale linkalandira zombo zamalonda.

Ndisanapitirire, za dzina. Nyamazi Angerezi amati seal. Kwathu kulibe, ndiye dzina lenileni tilibe. Achemwali atangoona mutu woyamba ukutumphuka pambali pa boti anafuula kuti, "Katumbu!" Katumbu wathu wa m'mitsinje ndi nyama ina, ali ndi miyendo ndi mchira wautali, ndipo ndi wamng'ono kwambiri poyerekeza ndi izi. Komabe nkhope ya ndevu ija ndi yofanana, choncho ndizitcha akatumbu basi.

Mutu umenewo unatuluka mwakachetechete, osagavula madzi. Wakuda, wonyezimira ngati mtsuko wonyowa, maso aakulu obulungira. Anatiyang'ana, mphuno zikutseguka nkutsekeka, ndipo ndinamva mpweya wake ukutuluka kuti fuu. M'ndevu zake munali timadontho ta madzi. Sanathawe, sanayandikirenso. Kenaka analoza mphuno kumwamba nkumira chowongoka, ngati munthu akutsika m'chitsime. Mwana wanga anandifinya dzanja mpaka kuwawa, osatulutsa mawu.

Kumapeto kwa ndomoyo woyendetsa anachepetsa injini. Pamchenga panali akatumbu ambirimbiri atagona, ena otuwa, ena akuda, ena amawangamawanga, ena ofiirira ngati mchenga womwewo. Ambiri anali atakweza mutu ndi mchira nthawi imodzi, thupi litapindika ngati nthochi. Wina amadzikanda pamimba ndi chipsepse chake chakutsogolo, chimene chili ndi zikhadabo zisanu. Mphepo itatembenuka fungo lawo linatipeza, fungo la nsomba losakanikirana ndi la khola. Amaliranso, kulira kwake kotalika, kwachisoni, koti usiku ukhoza kuganiza kuti kuli maliro kutsidya.

Apa woyendetsa uja anamasuka pakamwa. Anatiphunzitsa kusiyanitsa mitundu iwiri imene imakhala pano. Wotuwa, amene iwo amati grey seal, ndi wamkulu, mphuno yake yaitali ngati ya hatchi, ndipo wamphongo amatha kufika makilogalamu 300. Winayo, common seal, ndi wocheperapo, mutu wobulungira, nkhope yaifupi ngati ya kagalu, ndipo mabowo a mphuno zake amakumana pansi ngati chilembo cha V. Ukangouzidwa kamodzi, maso amayamba kusankha okha. Mwana wanga anayamba kuwatchula mmodzimmodzi, ndipo sanalakwitse kawirikawiri.

Aang'onowa ndi amene amaswa nyengo ino, kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Mwana wawo amabadwira pamchenga madzi ataphwa, ndipo madzi akamadzazanso amakhala akusambira kale pambali pa make, patangopita maola ochepa chibadwire. Tinaona mmodzi. Anali kumbuyo kwa make m'madzi osaya, nthawi zina kukwera pamsana, nthawi zina kugunditsa mphuno yake pa mphuno ya make. Achemwali anapukusa mutu, akuti, "Ameneyu ndiye mwana wa m'madzi weniweni, ife tinkangodzitama."

Otuwa aja amaswa m'nyengo yozizira, kuyambira Novembala mpaka Januwale, ndipo nkhani yawo ndi imene yapangitsa malo ano kutchuka. Mwana woyamba kubadwira pano anaoneka mu 1988. Mu 2001 anabadwa 25 okha. Pofika nyengo ya 2019 anali ataposa 3,000 pa chaka, ndipo pano ndi pamene pamabadwa akatumbu otuwa ambiri kuposa malo ena onse mu England. Mwana wake amabadwa ndi ubweya woyera ngati thonje, wolemera makilogalamu ngati 14, ndipo ubweyawo sutchinga madzi, choncho amakhala kumtunda. Amayamwa masabata atatu okha. Mkaka wa make theka lake kapena kuposa ndi mafuta, moti mwana amawonjezera makilogalamu awiri pa tsiku, pamene make sadya kanthu nthawi yonseyo, amangosungunuka thupi. Masabata atatuwo akatha, mayi amabwerera m'nyanja nkumusiya mwana yekha. Amakhala pamenepo mpaka ubweya woyera utathothoka, njala nkumukankhira m'madzi kukadziphunzitsa kugwira nsomba.

Nkhani imeneyi inawakhudza achemwali. Anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati, "Masabata atatu? Osamuonetsa ndi pomwe pali nsomba?" Iwo analera ana asanu ndipo wotsiriza anamusiyitsa kuyamwa ali ndi zaka ziwiri.

Boti linadutsa kangapo uku ndi uku, kutembenuka kuti a mbali zonse aone, koma silinayandikire kufika powadzidzimutsa. Ndinaliona bwino limeneli. Palibe katumbu amene anathawira m'madzi chifukwa cha ife. Ulendo wonse unatenga ola limodzi. Pobwerera mphepo inatimenya kumaso, madzi akuthovokera m'boti, ndipo zofunda zija zinagwira ntchito.

Lachinayi

Kunacha ndi mvula yowaza ndi mphepo. Tinakwera basi kupita ku Cley, mudzi wotsatira chakum'mawa, umene uli ndi nyumba yaitali yozungulira ya chigayo cha mphepo chakalekale. Kuseri kwake kuli dambo la bango lotchedwa Cley Marshes, limene linagulidwa mu 1926 kuti likhale la mbalame, ndipo likusamalidwa ndi bungwe la Norfolk Wildlife Trust. Muli tinyumba ta matabwa tofolera ndi bango, tokhala ndi timawindo topyapyala. Umalowa, kukhala pa benchi, kutsegula kawindo nkumayang'ana mbalame zosadziwa kuti ulipo. Anthu m'menemo amanong'onezana ngati m'tchalitchi.

Agogo ena aamuna anabwereka mwana wanga magalasi awo oonera patali nkumulozera mbalame yotchedwa avocet, yoyera ndi mizere yakuda, miyendo yaitali yotuwira, mlomo wowonda wopindikira m'mwamba ngati singano yosokera matumba. Imayenda m'madzi osaya ikupukusa mlomowo uku ndi uku. Pamwamba pa bango pankauluka chimbalame cha mtundu wa kabawi, mapiko atakwezeka, chikusakasaka pansi.

Mvula itakata tinapita ku gombe kumene ndomo ija imayambira. Munthu akhoza kuyenda wapansi mpaka kumapeto, koma titayesa mphindi 20 zokha tinabwerera. Nsangalabwi zimathawa pansi pa phazi, ukaponda kawiri wayenda kamodzi, ndipo mawondo a achemwali savomera zotere. Tinakhala pansi nkumamvetsera mafunde akukoka miyala pobwerera, phokoso lake ngati mpunga ukupetedwa m'lichero lalikulu. Aka kanali koyamba kuti achemwali aime pagombe lenileni la nyanja ya mchere. Anavula nsapato, kuviika phazi limodzi, nkulitulutsa msanga. Kenaka anatunga madzi m'dzanja nkulawa.

Lachisanu

Tinakweranso boti, ulendo uno losiya anthu pa ndomopo kwa kanthawi. Zimatheka pokhapokha madzi akalola, ndipo lero analola. Linanyamuka chakumasana, mochedwerapo kusiyana ndi Lachitatu, monga mwa kusuntha kwa madzi kuja. Akatumbu tinawaonanso, koma lero mtima wanga unali pa mbalame.

Tinatsikira pafupi ndi nyumba yabuluu ya malata, yokhayokha pakati pa milu ya mchenga. Inamangidwa mu 1898 kuti muzisungidwa boti lopulumutsira anthu pangozi za panyanja. Masiku ano mumagona alonda a malowa m'miyezi imene mbalame zikuswa, ndipo chipinda china muli zithunzi ndi mbiri ya ndomoyi. M'menemo ndinawerenga za Francis Oliver, mphunzitsi wa za zomera wa ku University College London, amene ankabwera kuno ndi ophunzira ake kudzafufuza zomera za m'mchenga ndi m'dambo. Iyeyu ndi amene analimbikira kuti malowa atetezedwe. Mu 1912 anagulidwa ndi thandizo la ndalama za Charles Rothschild nkuperekedwa ku bungwe la National Trust, limene likuwasamalira mpaka lero.

Mbalame zenizeni za pano ndi zimene amati tern. Ndi zoyera, mapiko aatali osongoka, mchira wa mphanda ngati wa namzeze, kumutu kwakuda ngati zavala kapusi. Imauluka mlomo utaloza pansi, kuima m'malere kanthawi, kenaka kudziponya m'madzi ngati mkondo nkutuluka ndi kansomba konyezimira kofanana ndi usipa. Zazikulupo, Sandwich tern, zili ndi mlomo wakuda wa nsonga yachikasu ndi tsumba kumbuyo kwa mutu, ndipo zimalira mokalipa osapuma. Zimabwera mu Epulo kudzaswa, chilimwe cha kuno chikatha nkubwerera ku magombe a kumadzulo kwa Africa, ku Senegal, ku Ghana, zina mpaka kumunsi kwenikweni. Chaka china zimachuluka pano, chaka china zimasamukira ku Scolt Head, chilumba cha kumadzulo pa gombe lomweli.

Koma imene inandigwira mtima ndi yaing'ono kwambiri, little tern, ya mlomo wachikasu ndi kachipumi koyera. Mlonda wina, mtsikana wamng'ono ndithu, anatiimika pa chingwe chimene atchinga nacho malo oswera, nkutionetsa chithunzi cha chisa chake. Chisa chake si chisa. Ndi kadzenje kosaya pakati pa nsangalabwi, mazira awiri kapena atatu a mawanga ofanana ndi miyalayo. Ndinayang'ana chithunzicho kwa nthawi ndisanawaone. Munthu woyenda mosadziwa akhoza kuwaponda osamva kanthu. Nkhandwe zimawafuna, makoswe amawafuna, mbalame zikuluzikulu zimawafuna, ndipo madzi akadzaza mopitirira pa tsiku la mphepo amakokolola zisa zonse usiku umodzi. Nchifukwa chake agalu saloledwa kufika kuno m'miyezi yoswera, ndipo alonda amakhala maso usana ndi usiku. Patsogolo pathu, kuseri kwa chingwe, kamwana kena kotuwa kanali kataima pamiyala kakudikira. Kholo linabwera ndi kansomba kukamwa, kukapatsa, nkutembenuka nthawi yomweyo kubwerera kunyanja.

Mlondayo sanabise zovuta. Anati pamene akatumbu otuwa akuchuluka, aang'ono aja akuchepa m'dera lino zaka zaposachedwapa, ndipo akatswiri akufufuzabe chifukwa chake. Aang'onowa anavutikaponso kale ndi mliri umene unapha ambiri mu 1988 ndi mu 2002. Ndinayamikira kuti anatiuza zimenezi, chifukwa pa boti munthu umangoona mchenga wodzaza nyama nkuganiza kuti zonse zili bwino.

Tili chiimire pa chingwepo achemwali anati, "Iwe, izi ndi za ku Mbenje." Ndinadziwa chimene akunena. Pa chilumba cha Mbenje kwathu ku Salima, mfumu yaikulu Makanjira imatseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi onse amachokapo. Bambo athu ankapita kumeneko chikatsegulidwa nkubwera ndi utaka wodzaza madengu. Ife akazi sitiloledwa kupondapo, choncho Mbenje timangomudziwa ndi maso kuchokera kugombe ndiponso m'nkhani za bambo. Iwo ankati chimene chimasunga chilumbacho si mfumu yokha, koma kuti msodzi aliyense amadziwa kuti mnzake nayenso sapita. Chingwe cha pano nchopyapyala, mwana akhoza kuchidumpha. Pa anthu onse amene tinatsika m'boti palibe amene anayesa, ngakhale kamwana ka mbalame kaja kanali pafupi poti nkujambulika bwino munthu atasendera mapazi asanu okha.

Achemwali anatulutsa foni nkujambula mawu a mbalamezo kuti akamvetsere achimwene kumudzi. Anaigwira m'mwamba mphindi yathunthu, chitenje chikuwuluzika ndi mphepo pansi pa jekete langa limene ndinawabwereka. Kenaka woyendetsa anaitana kuti madzi ayamba kuphwa, tifulumire.

Polowa mu mfuleni wa Morston matope anali atayamba kuoneka m'mbali, akunyezimira, mbalame zakuda ndi zoyera za milomo yofiira zikutera kudzafukula chakudya. Pa kona ina boti linakhudza pansi pang'ono nkupitirira. Mwana wanga anatsamira pa phewa la achemwali.

"Amayi aakulu, mudzabwerenso mu Disembala tidzaone ana oyera aja?"

"Disembala ndimakhala ndili kumunda, mwanawe. Udzapite ndi amako, udzanditumizire chithunzi."

Basi yopita ku Sheringham inyamuka mawa m'mawa. Nsapato zathu zonse zili pakhomo, zikuuma matope.